Bambo anga ndi oonda, nanga mitsempha yawo yatsekeka bwanji?

Nachisale wa ku Chibavi:
Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo anga anagwa ndi sitiroko mwezi watha, dzanja lamanja silikugwira bwino mpaka pano. Adokotala akuti mitsempha yawo ya magazi inayamba kuwonongeka m'kati kalekale. Chikundizunguza mutu n'chakuti bambowa ndi oonda, kanyenya sadya, ndiwo zawo ndi usipa ndi chigwada basi. Fodya yekha ndiye amasuta, ndipo mankhwala a BP anasiya chaka chatha, ati akupeza bwino. Ine ndimamva kuti mitsempha imatsekeka ndi mafuta. Mafutawo awatenga kuti?

Namwino wopuma, Katoto:
Pepani mwanangu, Mulungu awakhudze bambo. Mafuta sindiwo amayamba. M'kati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kwambiri, maselo ake oyalana mzere umodzi wokha, azachipatala amakatcha endothelium. Kakhunguka kamagwira ntchito usana ndi usiku. Kamatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, amene amauza mnofu wa mtsempha kuti umasuke magazi adutse bwino, komanso amaletsa magazi kuundana pamene palibe bala. Wasayansi wina, Robert Furchgott, ndiye anaonetsa mu 1980 kuti ukakapala kakhunguka, mtsempha sumasukanso monga umayenera, ndipo mu 1998 iye, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel pa nkhani yomweyi.

Tsono utsi wa fodya, BP yokwera ndi shuga zimakapweteka tsiku ndi tsiku. Nitric oxide amachepa, mtsempha umauma. Kolesterolo, mtundu wa mafuta amene chiwindi cha munthu aliyense chimapanga ngakhale akhale woonda chotani, amayamba kulowa pansi pa kakhunguko. Asilikali a m'magazi amamulondola, amamumeza, n'kufera pomwepo, ndipo pamatukuka kachotupa m'khoma la mtsempha. Zili ngati phula akayamba kukumbika, matope amakhazikika pokumbikapo. Tsiku lina kachotupako kamang'ambika, magazi amaundana pamenepo, njira n'kutsekeka. Zikachitikira ku mtima ndi matenda a mtima aja ogwetsa munthu mwadzidzidzi, zikachitikira ku ubongo ndi sitiroko.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti zonsezi sizipweteka. Ndathandiza azibambo ambiri osiya mankhwala chifukwa mutu waleka kuwawa, pamene BP ikadali pamwamba pa 140/90, ikupala mitsempha mwakachetechete.

Bambo a Tadala, Luwinga:
Amayi anena zoona. Ndiwonjezere za ife azibambo, poti timachita nazo manyazi. Mphamvu za m'nyumba zikayamba kuchepa, nthawi zina ndi kakhungu komweka, chifukwa mitsempha ya kumeneko ndi yaing'ono, imayamba ndiyo kuonetsa. Ine ndinkafuna kukagula gondolosi, mayi a kunyumba ndiwo anandikakamiza kukayezetsa, anandipeza ndi shuga.

Nachisale wa ku Chibavi:
Zikomo amayi, tsopano ndamva. Kodi kakhunguko kamachira? Azakhali abwera ndi adyo ndi mandimu, ati zimatsuka mitsempha.

Namwino wopuma, Katoto:
Adyo athire mu ndiwo, palibe cholakwa, koma asalowe m'malo mwa mankhwala. Chotupa chimene chinakhazikika kale sichitsukika ndi mandimu. Kakhunguko kokha ndiko kamatha kuyambanso kugwira ntchito bwinoko munthu akasiya fodya, BP ikatsika, ndiponso akamayenda, popeza magazi akamathamanga bwino m'mitsempha nitric oxide amachuluka. Bambo akalimba ayambe kuyenda pang'onopang'ono, wina atawagwira mkono, ngakhale kuzungulira nyumba dzuwa likatuluka. Mchere muchepetse, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati usafike magalamu 5 pa tsiku, ndipo musaiwale kuti usipa wouma nthawi zina umabwera ndi mchere wake kale. Kuno kozizira timakonda kuotha mbaula titatseka zitseko, utsi umenewonso awatalikire.

Aspirin musawagulire nokha pagolosale. Sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha waphulika, ndipo pamenepo aspirin angawonjezere kukha magazi. Mukawafunse adokotala kuti ya bambo inali ya mtundu uti, komanso ngati akufunika mankhwala otsitsa kolesterolo. Inunso mwanangu, tsiku lowaperekeza mukayezetse BP yanu.