Ma cigar a Alabama ikagonjetsa Tennessee: zinayamba bwanji?

Chiko_wa_ku_Tuscaloosa

Akuluakulu amene mwakhalitsa kuno ku America, tandimasulireni chinthu china. Mu Okutobala 2023 mnzanga wa m'kalasi anandigawira tikiti ya mpira wawo uja wovala zipewa zolimba (American football), matimu a mayunivesite a Alabama ndi Tennessee, pa bwalo la Bryant-Denny muno mu Tuscaloosa. Malamulo ake mpaka lero ndimangowamva mwa apo ndi apo, ine ndinapitira kukaona khamu. Popuma Tennessee inali patsogolo 20 kwa 7, mbali yathu kuli zii ngati pamaliro. Chigawo chachiwiri zinatembenuka, alendo aja sanapezenso pointi ngakhale imodzi, masewero n'kutha 34 kwa 20.

Koma chomwe chandikhala m'mutu si zigoli ayi. Kutatsala mphindi zochepa ndinayamba kumva fungo la fodya. Pocheuka, mzere wonse kumbuyo kwanga anthu akutulutsa m'matumba ndudu zonenepa zija amati cigar, kudula nsonga, kubwerekana moto. Gogo wina wamkazi, watsitsi la mbuu, ndolo zake zili ngwee, amene masewero onse anangokhala mwaulemu atagwira kachikwama pamiyendo, ndinamupeza akufuka ngati ng'anjo ya njerwa. Anandiyang'ana n'kuona kuti ndilibe, anapisa m'kachikwama kaja n'kundipatsa imodzi. Pomwe wosewera womaliza amatuluka, pamwamba pa bwalo panali mtambo wa utsi, magetsi akuoneka mwachimbuuzi.

Ine sindisuta, moti cigar ija ikadali mu kabati, m'pepala lake. Mnzanga uja nditamufunsa anangoti ndi mwambo basi. Tsono mwambowu anauyambitsa ndani? N'chifukwa chiyani amachita akawina Tennessee yokha, pomwe ndimamva kuti mdani weniweni wa Alabama ndi Auburn, yunivesite ina ya m'chigawo chomwechi? Komanso pa kampasi yathuyi kusuta n'koletsedwa chiyambire 2015, nanga tsiku limeneli lamulo limapita kutchuthi?

Mkulu_wa_Birmingham

Achimwene, cigar imeneyo musataye, munapatsidwa ulemu.

Dzina loti muligwire ndi Jim Goostree. Sanali wosewera kapena kochi, anali mkulu woyang'anira matupi a osewera a Alabama, amene amamanga mabandeji, kusina minofu ndi kunena ngati wovulala angabwerere m'bwalo. Anafika ku Tuscaloosa mu 1957. Chokometsa nkhaniyi n'chakuti iyeyo sukulu anaphunzira ku Tennessee komweko. Ndiye taganizani, chaka ndi chaka timu imene ikukulipira ikukwapulidwa ndi sukulu yako yakale, anzako akale akukuseka.

Ndipo ankakwapulidwadi. Alabama itawina mu 1954, inakhala osagonjetsanso Tennessee mpaka 1960, masewero asanu ndi limodzi. Mu 1955, 1956 ndi 1957 sinapeze ngakhale pointi. Paul "Bear" Bryant anatenga timuyi monga kochi mu 1958, koma naye chaka choyamba anagonja, mu 1959 analepherana 7 kwa 7, mu 1960 anagonjanso. Kwa Bryant zinali zowawa kawiri, poti ali wosewera wa Alabama mu 1935 anasewera ndi Tennessee yomweyi fupa la mwendo lili lothyoka. Munthu wotere kugonja kwa Tennessee sankakumeza.

Tsono mu 1961 masewero anali muno mu Birmingham, pa Legion Field. Osewera a nthawi imeneyo ankasimba kuti Goostree anawalonjeza kuti akawina, iye avina m'chipinda chovalira ali buno bwamuswe. Anyamata anawina 34 kwa 3. Mkulu uja lonjezo anasunga, anavina, cigar ili pakamwa, ndipo osewera nawo anafuna zawo. Kuyambira pamenepo, Alabama ikagonjetsa Tennessee, ma cigar amagawidwa m'chipinda chovalira. Kuvina kosavala kuja ndiye kunathera pa mwini wake, tithokoze. Chaka chomwecho Alabama sinagonje masewero ena aliwonse ndipo inakhala akatswiri a dziko lonse, koyamba pansi pa Bryant. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake mwambowu unamera mizu. Chikanakhala chaka chongowina Tennessee kenako n'kugonja kwina konse, bwenzi ataiwala.

Za Auburn zija, kumbukirani kuti Alabama ndi Auburn anakhala zaka pafupifupi 40 osasewera, kuchokera 1907 mpaka 1948, atasemphana. Pa nthawi imeneyo masewero omwe anthu ankawadikira ndi a Tennessee, omwe anayamba kukumana nawo mu 1901. Ndiwo amatchedwa Third Saturday in October, poti kwa zaka zambiri ankachitika Loweruka lachitatu la Okutobala. Achikulire ngati gogo wanu uja ambiri mtima wawo ukadali pamenepo.

MwanaWaKnoxville

Amalume afotokoza bwino, koma afotokoza ngati munthu wa ku Alabama. Mwambowu si wawo okha. Tennessee nayo ikawina imayatsa, ndipo kukoma kwake kuli pomwepo: ukusuta fodya wa mwambo umene anayambitsa mdani wako, pamaso pake.

Vuto n'lakuti ife a Tennessee tinakhala ndi ludzu kwa nthawi yaitali. Kochi Nick Saban atafika ku Alabama mu 2007, Tennessee inagonja ka 15 motsatizana, mpaka 2021. Mwana wobadwa chaka cha chipambano chomaliza anafika ku sekondale asanaonepo bambo ake akuyatsa. Bwana wanga wakale kuntchito ankagula cigar yatsopano Okutobala aliyense, Lolemba lake n'kuiponya m'bokosi la nsapato pansi pa desiki. Tinkamuseka kuti akutsegula golosale.

Pa 15 Okutobala 2022 ndinali mu Neyland Stadium, bwalo la Tennessee ku Knoxville, anthu oposa 100,000. Wosewera wathu Jalin Hyatt anagoletsa yekha ma touchdown asanu, zigoli zofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo. Kutatsala masekondi awiri zigoli zili 49 kwa 49, Chase McGrath wa Tennessee anamenya mpira kuchokera pa mayadi 40. Sunauluke bwino n'komwe, unkapita mopepesuka ngati nkhuku yoponyedwa m'mwamba, koma unadutsa. 52 kwa 49. Anthu anakhamukira m'bwalo, anazula zitsulo za golo, kuzinyamula pamapewa mpaka kukaziponya mu mtsinje wa Tennessee umene uli kuseri kwa bwalolo. A ligi ya SEC analipiritsa sukulu chindapusa cha madola 100,000 chifukwa cha kulowa m'bwaloko, koma usiku umenewo palibe anali nazo ntchito. Peyton Manning, yemwe anasewerera Tennessee m'ma 1990, anajambulidwa ali ndi Hyatt, onse ma cigar pakamwa.

Bwana uja Lolemba anabwera ndi bokosi lake la nsapato n'kugawira ofesi yonse. Zina zinali zitauma gwa, ukangogwira zikufumbutuka, poti cigar imafuna chinyezi. Sanalole kuti titaye ngakhale imodzi.

Mu 2024 tinawinanso, 24 kwa 17. Achimwene Chiko, munabwera chaka cholakwika basi.

NamwinoWaNashville

Palibe wayankha funso lachitatu lija, la malamulo. Kwa osewera, bungwe la NCAA limene limayendetsa masewero a m'makoleji limaletsa fodya wamtundu uliwonse pa nthawi ya masewero ndi pokonzekera, kwa osewera ndi makochi omwe. Linalinso ndi lamulo lokhwima loti wosewera asamalandire mphatso zapadera chifukwa choti ndi wosewera, ndipo cigar yaulere inkagwera momwemo. Ndiye zimene masukuluwa akhala akuchita n'zoseketsa: amasuta, zithunzi n'kufalikira paliponse, kenako amadzinenera okha ku bungwelo kuti talakwa, ngati cholakwa chaching'ono. Chaka chinacho akawina, chimodzimodzi.

Kwa ochemerera, lamulo lilipo ndithu, koma mlonda mmodzi angazimitse ndudu za anthu masauzande nthawi imodzi?

Ine monga namwino sindingaombere m'manja. Anthu ena amaganiza kuti cigar ilibe vuto poti utsi wake sumezedwa, koma khansa ya m'kamwa ndi pakhosi siyang'ana zimenezo, ndipo cigar yaikulu imodzi ingakhale ndi fodya wofanana ndi paketi yonse ya ndudu wamba. Kamodzi pachaka sikangamuphe munthu, ndikuvomera. Amene ndimawamvera chisoni ndi ana ndi anthu a mphumu amene akhala pakati pa mtambo umenewo. Mlamu wanga ali ndi mphumu koma sapota wa Tennessee wotheratu. Mu 2022 anaonera chipambano chija ali kunja pa malo oimika magalimoto, pa foni, poti anatuluka msanga ataona anthu ayamba kutulutsa machesi.

Dalitso88

Ine ndinawerengapo kuti Goostree anayamba kugawa ma cigar m'ma 1950, osati 1961. Komanso kusuta cigar ukapambana si za ku Alabama zokha. Red Auerbach, kochi wa basketball wa Boston Celtics, ankayatsa yake ali pa benchi masewero asanathe n'komwe, akaona kuti adani sangabwezenso. Joe Burrow, yemwe ankasewerera yunivesite ya LSU, nayenso pa chithunzi chake chotchuka cha mu Januwale 2020, timu yake itagonjetsa yunivesite ya Clemson, ali ndi cigar. Ndiye mwina tikukuza nkhani ya munthu mmodzi pomwe chinali chizolowezi cha Amereka kale.

Mkulu_wa_Birmingham

Dalitso mwana wanga, za m'ma 1950 zija nanenso ndinazionapo zitalembedwa, koma tawerengani zaka. Munthuyu wafika 1957. Alabama sinawine Tennessee 1957, 1958, 1959 kapena 1960. Cigar ya chipambano akanaigawa pa chipambano chiti? Mpata woyamba umene anaupeza ndi 1961.

Pa mfundo yachiwiri ndikugwirizana nawe theka. Goostree sanapeke zoti munthu akasangalala ayatse cigar, kuno ngakhale bambo mwana akabadwa kale ankagawira anzake. Koma ya Auerbach inali yake yekha, ndipo ankayatsa akawina aliyense. Iyi ndi ya tsiku limodzi pachaka, mdani mmodzi. Alabama inatenga ukatswiri wa dziko kasanu ndi kamodzi pansi pa Saban, yagonjetsa Auburn kosawerengeka, koma masapota sanyamula ma cigar m'matumba popita ku masewero amenewo mmene amachitira a Tennessee. Ndipo woyatsa msanga amadzudzulidwa ndi anzake kuti aitana tsoka. Mu 2009 Alabama ili patsogolo 12 kwa 10, Tennessee inali pafupi kumenya mpira wopambanira pa sekondi yomaliza, Terrence Cody wa Alabama n'kuutchinga ndi dzanja. Tsiku limenelo ndinali pa sofa, cigar m'dzanja, machesi ndinali nditawabweza kale m'thumba.

Chiko_wa_ku_Tuscaloosa

Zikomo nonse, makamaka amalume a ku Birmingham. Mnzanga uja ndamutumizira nkhani ya kuvina buno bwamuswe, sanaidziwe, chonsecho anabadwira konkuno.

Ndapita kukaiona cigar ija nditawerenga za bokosi la nsapato. Yayamba kale kung'aluka m'mbali. A Knoxville, mwati imafuna chinyezi, ndiye ndiisunge bwanji? Kusuta sindisuta ndithu, amayi a ku Nashville musadandaule, koma ndikufuna ikafike kwathu ili yathunthu ndikamaliza sukulu.