Atikaniza kuchotsa msonkho wa nyumba kuno ku Texas, apilo tikachitire kuti?

Nabanda: Abale anga, ndithandizeni msanga. Amuna anga anali msilikali wa dziko la America, ndipo a VA, nthambi ya boma yoona za asilikali akale, anawalemba kuti ndi olumala 100 peresenti. Lamulo la Texas limati munthu wotere asamalipire msonkho wa nyumba yomwe akukhalamo, koma a appraisal district, ofesi ya m'dera lathu yowerengera mtengo wa nyumba pa nkhani ya msonkho, atitumizira kalata yokana, akuti adiresi ya pa laisensi yawo yoyendetsera galimoto ikusiyana ndi ya nyumbayi.

Bambo Phiri: Mayi, mtima m'malo, muli ndi chaka chathunthu. Lembani VA Form 20-0996 kuti wamkulu wina aunikenso nkhaniyi, kapena 20-0995 ngati muli ndi umboni watsopano. Ine za bondo langa zinatheka choncho.

Che Jafali: Ine ndikuti musayerekeze n'komwe. Aliyense akudziwa kuti ukachita apilo amakutsitsira peresenti, ndipo ena amalandidwa ndi green card yomwe.

Nangozo: Che Jafali, musawopseze mayiwa ndi mphekesera, chifukwa msonkho wa nyumba sukhudzana ndi mapepala okhalira m'dziko. Nanunso a Phiri mwayankha za boma lalikulu, pomwe amene akana ndi a m'dera lawo, motsatira lamulo la Texas. A Nabanda, kumeneko chaka kulibe: muli ndi masiku 30 okha operekera dandaulo ku Appraisal Review Board, komiti ya m'dera yomva madandaulo a msonkho wa nyumba, pa Form 50-132. Yambani mwasintha adiresi pa laisensi, mutenge kalata ya VA yosonyeza peresentiyo, ndipo akakakananso muli ndi masiku 60 opitira ku khoti lotchedwa district court.

Bambo Phiri: Achemwali, yunifolomu ndinavala ndine, ndiye musandiphunzitse za asilikali.

Yamikani: Pepani akuluakulu, ndangofika kumene. Kodi ife ogwira ntchito yosamalira okalamba nafenso angatichotsere msonkhowu?

Gogo Nasibeko: Mwanawe, uziyamba wawerenga usanafunse. Bambowa thupi lawo linawonongekera ku usilikali, ndipo iwe ngakhale nyumbayo sunagule. Koma abale, kwathu nkhani ya malo imathera kwa amfumu, anthu atakhala pamphasa, aliyense n'kulankhula mpaka mtima utatsika. Kuno munthu ukalamba ukutsegula maenvelopu, ndipo ndikaganiza zimenezi ndimangofuna kubwerera ku Ntcheu.

Che Jafali: Gogo, mukapita mutitengereko, ife tidzikalipira amfumu nkhuku m'malo mwa madola. Koma a Nabanda musamale ndi anthu olonjeza kukukonzerani mapepala. Wina anandidyera ndalama za lendi, ndipo foni yake sikupezekanso.

Nangozo: Apo mwanena zoona. A Texas Veterans Commission komanso ofesi yothandiza asilikali akale ya m'dera lanu salipiritsa kalikonse. A Nabanda, uthenga wanga wa masiku 30 wakwiririka pamwambapo, chonde muupeze, ndipo mutiuze tsiku limene lalembedwa pa kalatayo kuti tiwerengere limodzi.

Bambo Phiri: Ine ndikunenabe kuti ayambire ku VA, chifukwa peresentiyo amapereka ndi iwowo.