Za mdadada wa makalasi wopangiratu ku fakitale

Wapampando: Moni nonse. Mwana wathu uja ali kunja walonjeza kulipira mdadada wa makalasi awiri, kulowa m'malo mwa uja unasasuka denga. Koma akuti ukhale wopangiratu ku fakitale, makoma ndi denga zibwere pa lole n'kudzangolumikiza. Tipatseni maganizo, mwaulemu chonde.

Mayi Mlembi: Mulungu amudalitse mwana ameneyu 🙏

Amalume: Sukulu yobwera pa lole? Ana athu aziphunzira m'kontena ngati katundu?

Injiniya: Amalume, si kontena ayi. Njira zake zilipo ziwiri. Pena amapangiratu chipinda chathunthu, mawindo, zitseko ndi mawaya a magetsi zili momwemo, kireni n'kudzangochikhazika pa maziko. Pena amabweretsa makoma ali zidutswazidutswa, amisiri n'kumanga ndi mabauti pa mafelemu achitsulo. Ife yotiyenera ndi yachiwiriyi chifukwa siifuna kireni yaikulu. Ubwino wake ndi nthawi. Pamene ena akukumba maziko kuno, makoma akupangidwa uko tsiku lomwelo, ndipo mvula siimitsa ntchito ya m'fakitale. Ku Wuhan, m'dziko la China, mu 2020 anamanga chipatala cha Huoshenshan cha mabedi 1,000 m'masiku pafupifupi 10 ndi njira yomweyi. Ku Changsha, ku China komweko, mu 2015 kampani ya Broad inaimika nyumba ya nsanjika 57 m'masiku 19. Nkhuni zootchera njerwa sizifunikanso.

Azakhali: Za Wuhan tamva. Ndalamazo zidutsa m'manja mwa ndani? Matumba a simenti a chaka chija mpaka lero sitinawaone.

Msungichuma: Azakhali, malisiti ndinaonetsa pa msonkhano. Inu simunabwere.

Azakhali: Lisiti ndi pepala, bambo. Ine ndikufunsa simenti.

Injiniya: Apa m'pamene njirayi ikutithandiza. Wopereka thandizo alipire yekha ku fakitale, komiti isakhudze ndalama. Khoma lathunthu munthu sangalinyamule pa njinga usiku. Komabe choopsa chilipo. Fakitale imafuna gawo lalikulu la ndalama isanayambe ntchito, ndiye ikagwa katundu asanatuluke, mwaluza zonse. Kampani yopanga nyumba zoterezi ya Katerra ku America inatolera madola oposa 2 biliyoni koma inagwa mu 2021. Ku Britain, Ilke Homes inagwa mu 2023, ndipo chaka chomwecho kampani ya Legal & General inasiya kupanga nyumba zoterezi. Fakitale ikasowa maoda kwa miyezi ingapo, antchito ndi makina zimangodya ndalama. Choncho tilembe pangano lolipira pang'onopang'ono, gawo lomaliza lilipiridwe ana atalowa m'kalasi.

Msungichuma: Mawu oti pa njinga usiku mukunena ndani, achimwene?

Injiniya: Sindinatchule munthu.

Aphunzitsi opuma: Ine nkhawa yanga ndi kulimba. Ku London mu 1968 mbali ina ya nyumba ya Ronan Point inagumuka, anthu anayi anafa, ndipo inali ya makoma opangiratu. Chinanso, kalasi ya makoma achitsulo masana mwana angamvemo za masamu?

Injiniya: Aphunzitsi mwafunsa bwino. Ronan Point inali ya nsanjika 22, gasi anaphulika m'chipinda china cha m'mwamba, ndipo polumikizira makoma a konkire panali pofooka. Phunziro lake ndi loti nyumba zotere mphamvu yake ili polumikizira, n'chifukwa chake pa tsiku lomanga pamafunika munthu wodziwa woti ayendere polumikizira paliponse. Yathuyi ndi yapansi, makalasi awiri okha. Ku Britain komweko nkhondo yachiwiri itatha anamanga tinyumba topangiratu toposa 150,000 poganiza kuti tikhala zaka 10 zokha, koma tina anthu akugonamo mpaka lero. Za kutentha zitengera zomwe aika pakati pa khoma. Khomalo limakhala malata awiri, pakati pali chotchinga kutentha. Akaika polystyrene, pulasitiki woyera wopepuka uja, mtengo umatsika koma amayaka msanga. Rock wool, wooneka ngati ubweya koma wopangidwa ndi miyala yosungunula, sayaka wamba ndipo amachepetsa phokoso. Pa koteshoni alembe kuti aikamo chiyani komanso kuchindikala kwake.

Bilidala: Bwana, nanga ife tidya chiyani? Mdadada wa njerwa umapatsa ganyu oumba, otunga madzi, akalipentala. Uwu abwera anyamata awo, sabata imodzi apita.

Injiniya: Maziko ndi silabu ndi zanu, achimwene, zimbudzi ndi khonde zomwe. Kungoti silabuyo ikhale ya mulingo weniweni. Pa njerwa mukakhotetsa mumabisa ndi pulasitala, apa mukaphonya pang'ono chabe mabowo a mabauti sakumana. Ndipo pulani tikaisainira basi, zoti onjezani windo apa fakitale itayamba kale kudula zitsulo sizitheka.

Bilidala: Chabwino. Nanga mwana akaboola khoma ndi desiki, kapena polumikizira pakayamba kudontha patatha zaka zisanu, akonza ndani? Njerwa ndimagula paliponse.

Amalume: Eya! Yankhani pamenepo.

Mayi Mlembi: Ndiponso lole yaitali idutsa bwanji pa mlatho uja? Ngakhale yaing'ono imavutika.

Amalume: Mlathowo tinasonkheranso paja.

Azakhali: Mwaona? Sindinayambe ndine.

Msungichuma: Za mlatho inali komiti ina. Musandisenzetse zonse. Amene akufuna buku abwere adzalitenge, udindowu sindilandirapo kanthu.

Wapampando: Abale, tikuchita manyazi. Mwini thandizo ali pagulu pompano, akuwerenga zonsezi.

Mayi Mlembi: Amene mukutumiza mavoisi a mphindi zisanu, lembani chonde. Ena bandulo yatithera.

Injiniya: Za mlatho, zidutswa zingabwere pa malole ang'onoang'ono maulendo angapo, koma mtengo wonyamulira ukwera. Za kukonza, tipemphe atisiyire zidutswa zapadera ndiponso aphunzitse anthu awiri akuno. Wina andiyezere malowo mawa, m'litali ndi m'lifupi, anditumizire ndi zithunzi za msewu.

Amalume: Malo ake ati? Pakale paja kapena kuseri kwa bwalo la mpira? Chifukwa kuseriko eni munda sanavomere.

Wapampando: Zimenezo tikambirana Loweruka.

Azakhali: Loweruka lake Msungichuma abwere ndi buku lija, osati mafotokope.