Ndalama ndi za ulendo umodzi basi: ndipite ku Kew kapena ku Istanbul?

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene munafufuzapo m'mafayilo akale kunja kwa dziko, ndithandizeni nzeru. Ndikuchita digiri yachiwiri ya mbiri, ndipo kafukufuku wanga ndi wa Asilamu a m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 14 November 1914, ku Istanbul analengeza jihad m'dzina la Sultan Mehmed V wa ufumu wa Ottoman, yemwe analinso Khalifa (mtsogoleri wa Asilamu), kumema Asilamu kuti aukire Britain, France ndi Russia. Ajeremani, omwe anali mbali imodzi ndi ufumu wa Ottoman, anali pakhomo pathu pomwepa, tsidya la Songwe ndi kugombe la kumvuma kwa nyanja. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti uthenga wa Khalifa unayenda njira ziti kuti ufike m'mizikiti ya kwathu, nanga mashehe anaulandira bwanji.

Kunkhokwe ya zolemba zakale za boma ku Zomba ndinafikako, koma mukudziwa kale kuti mafayilo ambiri a boma a zaka zimenezo anapsa ndi moto umene unatentha Secretariat, likulu la maofesi a boma la atsamunda, mu 1919. Makalata amene Bwanamkubwa George Smith ankatumiza ku London anapulumuka chifukwa anali atawoloka kale nyanja. Ali ku The National Archives, nkhokwe ya zolemba za boma la Britain, ku Kew mu London momwemo, m'gulu la CO 525, ndipo ndi a Chingerezi choti ndingawerenge tsiku lomwelo.

Koma mtima wanga sukukhazikika nawo. Amene ankalemba makalatawo anali anthu ogwidwa ndi mantha. Nkhondo inali itafika ku Karonga mu September 1914, Chilembwe n'kuukira mu January 1915. Mtsamunda wa nthawi ngati imeneyo akaona shehe akulandira kalata ya Chiarabu yochokera kugombe la nyanja ya mchere, amangoti ndi kazitape, pamene mwina inali kalata ya malonda kapena ya maliro. Ndikatsamira pa Kew pokha, ndidzalemba mbiri ya mantha a Angerezi, agogo athu n'kungokhala anthu okayikiridwa m'buku lonena za iwo eni. Zimenezo sindikuzifuna m'pang'ono pomwe.

N'chifukwa chake ndikuganizira za Istanbul, kunkhokwe ya zolemba za Ottoman ku Kağıthane. Vuto ndi chilankhulo. Zilembo za Chiarabu ndimazidziwa kuchokera kumadrasa, koma zolembazo ndi za Chituruki chakale chosakaniza ndi Chiarabu ndi Chiperezi, chimene ngakhale ana a ku Turkey lero sawerenga popanda kuchiphunzira, popeza dziko lawo linasintha zilembo mu 1928. Ndinayesa tsamba limodzi limene ndinapeza pa intaneti: mizere yopendekera m'mwamba, madontho ena osaikidwa, ndinangotolamo tsiku la mwezi wa Hijri basi. Ndiye ndifunse: alipo pano amene anagwiritsapo ntchito nkhokwe imeneyi? Kodi munthu wosadziwa chilankhulocho angabwereko ndi kanthu pa masabata ochepa? Ndalama zimene ndapeza zikukwana tikiti, viza ndi pogona pa ulendo umodzi wokha.

Yankho:
Achimwene, musagule tikiti ya ku Istanbul musanasanthule katalogi yawo. Ili pa intaneti, mumalembetsa, ndipo zikalata zambiri zili ndi chidule m'Chituruki cha masiku ano. Zambiri anazijambula kale, mumatha kugula zithunzi zake muli ku Zomba konko. Polemba mayina tsatani kalembedwe kawo: Zanzibar ndi Zengibar, Cape ndi Ümit Burnu. Ine ndili ku Cape Town kuno ndipo ndinafufuzapo za Abu Bakr Effendi, amene anatumizidwa kuno m'nthawi ya Sultan Abdülaziz kudzaphunzitsa Asilamu, nafika mu 1863. Buku lake la Chiafrikaans cholembedwa m'zilembo za Chiarabu linasindikizidwa ku Istanbul mu 1877, manda ake ali ku Tana Baru. Za iyeyu zolemba zilipo zambiri chifukwa boma la Ottoman ndilo linkamulipira. Boma limasunga mapepala a kumene linali ndi anthu ake komanso ndalama zake. Ku Nyasaland analibeko kazembe, choncho musayembekezere zambiri. Komanso dziwani kuti mafayilo ambiri a unduna wawo wa zakunja, Hariciye, ndi a Chifalansa.

Yankho:
Pitani ku Kew, m'bale wanga. Kulowa n'kwaulere, mumangotenga khadi la owerenga, ndipo amalola kujambula ndi foni. Konzekeranitu manambala a mafayilo pa katalogi yawo ya Discovery musananyamuke. Pa za mantha a atsamunda mwanena zoona, koma musaiwale zomata kumbuyo kwa kalata ya bwanamkubwa. Kumeneko n'kumene kumapezeka makalata olandidwa ndi mawu a anthu ofunsidwa, ndipo mukapeza chikalata chenichenicho pambali pa kumasulira kwa kalaliki, mudzatha kuona nokha pamene anakometsera. Chinanso, amene ankafalitsa uthengawo kum'mawa kwa Africa anali Ajeremani. Zolemba zawo zili ku Bundesarchiv, nkhokwe ya boma la Germany, ku Berlin-Lichterfelde, gulu la R 1001, zina ku Dar es Salaam, koti mutha kufika pa basi.

Yankho:
Mwanawe, wayamba wakhala pansi ndi mabanja a mashehe akale? Alipo amene amasunga mabuku a makolo awo m'masutikesi, okhala ndi timawu tolembedwa m'mphepete ndi mayina a aphunzitsi awo a ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Ukawafunsenso kuti pa khutba, ulaliki wa Lachisanu, ankapempherera mfumu iti. Chiswe ndi nyengo ya mvula zikudya mapepala amenewo chaka ndi chaka.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo, za khutba ndazilemba pomwepo, ndiyambira kumeneko mwezi uno. Katalogi ya ku Istanbul ndiisanthula ndili kuno, ndipo tikiti ikhala ya ku London. Achimwene a ku Cape Town, ngati mukudziwa wophunzira amene amawerenga zolemba za Ottoman pa mtengo woti munthu wa kwacha angakwanitse, chonde ndilembereni kumbali. Ndidzafunikanso wodziwa kuwerenga Chijeremani cha pamanja cha nthawi imeneyo.