Akugulitsa nyumba kuti agule ina: ku banki apite liti?

Ajenti watsopano wogulitsa nyumba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi banja lomwe likugulitsa nyumba kuti ligule yokulirapo, koma yakaleyo ngongole yake sinathe. Bambowo akuti ku banki adzapita akadzapeza wogula komanso nyumba yowasangalatsa, akuti safuna kuvutitsa anthu pachabe. Ine mtima sukukhazikika. Ndiwauze chiyani?

Wa ngongole za nyumba ku banki: Achimwene, auzeni abwere sabata ino, asanaone nyumba ngakhale imodzi. Sitikunena zosainirana ayi. Timangofuna mapepala a malipiro, sitetimenti ya akaunti ya miyezi 3 kapena 6, ndi ngongole zina zomwe ali nazo. Tikatero timawapatsa kalata yosonyeza ndalama zomwe tingathe kuwabwereka. Si lonjezo, koma wogulitsa akaiona amadziwa kuti sakucheza ndi munthu wongoyendayenda.

Mayi wina anabwera kwa ine atakonda kale nyumba. Ana anali atagawana zipinda, iwo atayeza mawindo kuti asoketse makatani. Titawerengera, ngongole ya galimoto inali itadya gawo lalikulu la malipiro awo. Anatuluka mu ofesi tepi yoyezera ikusuzumira m'chikwama.

Loya: Zoona, koma musaiwale ngongole yakaleyo. Afunse ngati pali chindapusa akaibweza nthawi isanakwane. Mabanki ena amalola kuisamutsira pa nyumba yatsopano ndi chiwongola dzanja chomwecho, ngakhale amamuunikanso munthu ngati wobwera kumene. Chinanso, dipoziti yawo, ndalama zomwe wogula amaikapo yekha pa mtengo wa nyumba, ili m'makoma a nyumba yakale. Isanagulidwe, ndalamazo kulibe. Akafuna kugula kaye, ndiye ngongole yolumikizira ya kanthawi kochepa, ndipo imeneyo chiwongola dzanja chake chimaluma.

Ajenti watsopano: Nanga bwanji asangofunsiratu ngongole yonseyo panopa, zithe?

Wa ngongole za nyumba ku banki: Sizitheka. Ngongole yeniyeni imamangidwa pa nyumba inayake, poti nyumbayo ndiyo chikole. Amafunsira tsiku lomwe agwirizana mtengo ndi wogulitsa, osadikira mawa. Ikavomerezedwa imakhalanso ndi malire, kawirikawiri miyezi 3 mpaka 6. Wogula nyumba yawo yakale akachedwa, nthawi imatha, timayambanso kuunika, mwina chiwongola dzanja chitasintha.

Woyeza mtengo wa nyumba: Ine ndimaiwalika mpaka tsiku lomwe ndakhumudwitsa anthu. Ndikapeza denga lodontha kapena ming'alu, n'kulemba mtengo wotsika kuposa womwe agwirizana, banki imatsata wanga. Chotsalacho chituluke m'thumba mwawo kapena akambiranenso ndi wogulitsa. Asiyeko kandalama pambali.

Wa ngongole za nyumba ku banki: Ndipo chonde, kuyambira pano mpaka makiyi atalowa m'manja, asasinthe ntchito, asatenge mipando yatsopano pangongole. Banki ikhoza kuyang'ananso ndalama zisanatuluke.

Loya: Ine andipeze msanga. Kufufuza chikalata cha umwini kumatenga nthawi, ndipo ndimafuna kugulitsa ndi kugula kuthe tsiku limodzi, kuti asagone m'galimoto ndi katundu.

Ajenti watsopano: Zikomo akuluakulu. Ndawaimbira. Bambo anayamba kukakamira, koma mayi atamva za chindapusa anati kalata ya ngongole yakale ili m'kabati, aifufuza usiku uno. Lachinayi akupita ku banki. Nyumba ziwiri zomwe ndinafuna kuwaonetsa mawa ndaziimitsa kaye.