Mwana wanga akufuna upulofesa wa malamulo a intaneti, ayambire pati?

Abale anga ndithandizeni nzeru. Ndili ku Salima kuno, mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya zamalamulo ku UNIMA ku Zomba ndiye akuti zoima mukhoti iye ayi, akufuna adzakhale lekichala mpaka pulofesa wa malamulo a intaneti, zija za Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024. Ine ndikuona kuti nzofunika ndithu poti anthu akungoberedwa ndalama pafoni ndi timauthenga tija toti "tumizani pa nambala iyi". Koma njira yake ndi iti? Masters yake mpaka kunja? Ayambe wagwira kaye ntchito kapena apitirize sukulu pompano? Nanga sikolashipu amaipeza bwanji, poti geni yanga ya nsomba ku Senga Bay siingakwanitse fizi yakunja.