Kodi mankhwala amene timapopera tomato angakhale ndiwo akutilepheretsa kubereka?

Funso lochokera kwa mayi wa ku Ntcheu, amene wapempha kuti dzina lake libisidwe

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha kuti amene akudziwa za umoyo kapena za ulimi andithandize maganizo, chifukwa nkhani iyi yandisowetsa tulo kwa nthawi yaitali. Ndili ndi zaka 29, amuna anga ali ndi zaka 34, ndipo takhala m'banja zaka zinayi popanda mphatso ya mwana. M'chaka chachiwiri ndinaima, koma ndinapita padera pathupi pali ndi miyezi iwiri, ndipo chiyambire pamenepo sindinaimenso, ngakhale kuti kumwezi ndimapita bwinobwino mwezi ndi mwezi. Kuchipatala ndinapitako kawiri. Anandiyeza magazi, anandiunika m'mimba, nandiuza kuti sakuona chovuta, koma kuti ulendo wina ndidzabwere ndi bambo. Bambowo mpaka lero sanapondeko.

Ife timadalira tomato. Dzinja timalima kumunda, chilimwe kudimba, kotero kuti kupopera sikutha chaka chonse, ndipo amuna anga ntchito imeneyi anaiyamba ali mnyamata kwa amalume awo. Mvula ikachuluka, chiwawu n'kuyamba kuvuta, amapopera Dithane kawiri pa sabata, n'kuphatikizamo cypermethrin kapena mankhwala ena a mbozi amene timagula pamsika m'timabotolo topanda zolembedwa. Posungunula amatakasa ndi dzanja m'ndowa. Sipuleya yathu imadontha pachivindikiro, choncho akamaweruka malaya amakhala atanyowa msana wonse mpaka kutsikira m'thalauza, ndipo kawirikawiri amapitiriza ntchito zina ndi zovala zomwezo kufikira dzuwa litalowa. Kotulukira mankhwala kukatsekeka, amauzira ndi pakamwa. Zovalazo ndimachapa ndine, ndi manja, ndipo madzi oyamba amasanduka achikasu. Mankhwala otsala timasunga kuchipinda chogona, kuseri kwa bedi, poopa akuba ndiponso ana a abale amene amabwera kudzacheza.

Mwezi watha ndinamva pa wailesi kuti mankhwala ena a m'munda amasokoneza kubereka, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikaona malaya onyowawo mtima umandigunda. Kuchimuna kwathu onse anagamula kale kuti wavuto ndine. Apongozi anga ananditengera kwa asing'anga awiri, ndinamwa zitsamba zowawa kwa miyezi, ndipo ndalama za tomato wa chaka chatha zinathera komweko. Amuna anga ndi munthu wabwino, sananditchulepo dzina loipa, koma ndikangotchula za kuyezetsa amati iwo ali bwino chifukwa mphamvu zawo za kuchipinda sizinachepe.

Ndikufuna kudziwa ngati n'zoona kuti mankhwala amenewa angawononge kubereka kwa mwamuna kapena kwa mkazi, komanso ngati thupi limabwerera mwakale munthu akayamba kudziteteza. Kusiya ulimiwu sitingathe, chifukwa ndiwo umatidyetsa. Ndikupemphanso nzeru ya mmene ndingalankhulire ndi bambo popanda kuwachititsa manyazi.

Yankho la bambo wogwira ntchito ya zachipatala

Mayi, pepani kuti mtolo umenewu mwausenza nokha kwa zaka zonsezi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati banja likatha miyezi 12 likukhalira limodzi popanda kulera koma pathupi osaoneka, onse awiri ayenera kuyezedwa, ndipo mu 2023 linalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse amakumana ndi vutoli pa moyo wake. Pa mabanja otere, pafupifupi theka amapezeka kuti mbali ya bambo ilinso ndi chovuta, payokha kapena pamodzi ndi ya mayi. Choncho kuyeza inu nokha kunali kugwira ntchito yatheka.

Funso lanu la mankhwala lili ndi maziko. Mu 1977 ku Lathrop, m'chigawo cha California ku America, amuna ogwira ntchito pa fakitale yopanga mankhwala otchedwa DBCP, ophera tinyongolotsi ta m'nthaka, anazindikira pocheza okhaokha kuti akazi awo sakuima. Atayezedwa, ena anapezeka kuti mbewu ya abambo ndi yochepa kwambiri mu umuna wawo, ndipo ena, makamaka amene anagwirapo zaka zambiri, analibiretu. Boma la America linaletsa mankhwalawo pafupifupi pa ntchito zonse mu 1979, koma m'minda ya nthochi ya ku Costa Rica ndi Nicaragua antchito ambiri anagwa m'tsoka lomwelo. Mankhwala amatha kuwononga m'njira ziwiri: ena amapha tizigawo ta m'thupi timene timapanga mbewuyo, pamene ena amasokoneza mahomoni amene amalamulira kupangidwa kwa mbewu ya bambo, kukhwima kwa dzira la mayi ndi kukhazikika kwa pathupi.

Mfundo imene ndikufuna kuti bambo aimve ndi yakuti mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwamuna akhoza kukhala wamphamvu ndithu, umuna n'kumatuluka wooneka bwino, koma mkati mwake mbewu zili zochepa, zofooka kapena mulibe. Izi zimaoneka ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono basi. Kuyeza kwake sikopweteka: bambo amadziletsa masiku awiri mpaka 7, amapereka umuna m'kabotolo, ndipo a labotale amawerenga kuchuluka kwa mbewu, kayendedwe kake ndi maonekedwe ake. Malire a m'munsi amene WHO inaika mu 2021 ndi mbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi ya umuna. Funsani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, ndipo ngati pangafunike adzakutumizani kuchipatala chachikulu.

Pa za kubwerera mwakale, thupi la bambo limatenga masiku pafupifupi 74 kuti lipange mbewu yatsopano, choncho kusintha kumene mungachite lero kumaoneka pakatha miyezi itatu. Mwa amuna a DBCP aja, ena anachira atasiya kukhudza mankhwalawo, koma ena amene anawonongeka kwambiri sanachire. Ndicho chifukwa chake sindikufuna kuti muzengereze.

Ndemanga ya mlimi wa ku Dedza

Ndi ulemu wonse kwa adokotala, ine ndapopera tomato ndi mbatatesi zaka zoposa 20 popanda magolovesi, ndipo ndili ndi ana 6. Anzanga ambiri amene timalima nawo alinso ndi ana. Ndikuopa kuti mayiwa angataye mtima pa ulimi umene ukuwadyetsa chifukwa cha nkhani ya ku America, ya mankhwala amene ife sitigwiritsa ntchito.

Wa zachipatala uja ayankhanso

Bambo, mwanena zoona kuti DBCP si mankhwala amene banjali likupopera, ndipo palibe angagamule ali patali kuti chawalepheretsa ndi sipuleya. Koma ana anu 6 sangatsimikize za thupi la mwamuna wina, monga mmene wosuta fodya amene wakalamba bwino sangatsimikize kuti fodya sapweteka mapapo. Kuopsa kumadalira mtundu wa mankhwala, kuchuluka kwa amene alowa m'thupi, zaka zimene munthu wawakhudza ndi mmene thupi lake linalili poyamba. Zifukwa zina ziyeneranso kufufuzidwa: matenda opatsirana pogonana amene amatseka njira za mazira kapena za umuna, matsagwidi amene anagwira munthu atakula, misempha yotupa kumalo obisika a bambo, mowa ndi fodya. Popeza banjali limagwira ntchito m'madzi a kudimba, ayezetsenso likodzo, chifukwa mazira a tizilombo take amatha kukhazikika m'ziwalo zoberekera za amayi ndi abambo omwe, pamene mankhwala ake, praziquantel, ndi osavuta kupeza.

Yankho la mlangizi wa zaulimi

Mayi, zimene mwafotokozazi ndimaziona m'madimba ambiri, ndipo chimene chandidetsa nkhawa koposa ndi sipuleya yodonthayo. Alimi ambiri amaopa fungo, n'kumanga kansalu pamphuno, koma mankhwala ochuluka amalowa kudzera pakhungu, ndipo khungu la kumalo obisika limayamwa msanga kuposa la pamkono. Munthu amene wavala thalauza lonyowa ndi mankhwala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, thukuta likutuluka, amakhala akumwa mankhwalawo tsiku lonse osadziwa. Kamphira ka pachivindikiro ndi kotsika mtengo, kasinthidwe sabata ino, ndipo kumsana azivala pepala lolimba la pulasitiki loboola pakati ngati chovala cha mvula.

Mphamvu ya mu Dithane ndi mankhwala otchedwa mancozeb. Mayiko a mu European Union anakana kuwonjezera chilolezo chake kumapeto kwa 2020, akatswiri awo atagamula kuti ndi oopsa pa kubereka ndi kwa mwana wosabadwa, komanso kuti amasokoneza mahomoni. M'thupi amasanduka chinthu china chimene chimakhudza chithokomiro. M'chaka chomwecho analetsanso mankhwala ophera tizilombo otchedwa chlorpyrifos, chifukwa cha nkhawa ya kukula kwa ubongo wa ana. Ndatchula ameneyu chifukwa timabotolo topanda zolembedwa tija mukhoza kukhala chilichonse, ndipo ngakhale wogulitsayo nthawi zina sadziwa chimene wathiramo. Kuno kwathu mankhwala otere amayenera kulembetsedwa ku bungwe la boma la Pesticides Control Board, ndipo oyenera kugula ndi okhawo ali m'botolo lake lomata, lokhala ndi malangizo, kwa wogulitsa wachilolezo.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosungunula, chifukwa mankhwala amakhala asanachepe mphamvu. Azitakasa ndi mtengo atavala magolovesi a mphira aatali, osati ansalu amene amasunga chinyezi, ndipo kotulukira kukatsekeka atsuke ndi madzi n'kutokosa ndi kaudzu. Azipopera m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, akangomaliza asambe ndi sopo asanadye kanthu, n'kuvala zina. Inuyo, popeza mukufunafuna pathupi ndipo mukhoza kuima osadziwa kwa masabata angapo, musasungunule, musalowe m'munda mongopopera kumene, ndipo zovalazo azichapa okha, pazokha, atavala magolovesi, kutali ndi chitsime. Mankhwala achoke kuchipinda lero lomwe, akakhale m'bokosi lokiya kunja kwa nyumba, kosayandikana ndi chakudya. Botolo likatha litsukidwe katatu, madziwo n'kuthira musipuleya, kenako liboolewe kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta.

Kupopera kawiri pa sabata nakonso kukhoza kuchepa. Tomato womangirira kumitengo, wotalikirana bwino, wosadzulidwa masamba a m'munsi ndi wothiriridwa patsinde sagwidwa chiwawu msanga, ndipo kasinthasintha wa mbewu, osabzala tomato pamene pachoka tomato kapena mbatatesi, amathandiza kwambiri.

Ndemanga ya namwino

Ndiwonjezereko za m'nyumba, chifukwa mankhwala sachokera kumunda kokha. Mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi poizoni wotchedwa mercury, amene amalowa m'magazi ndi kufika kwa mwana ali m'mimba, choncho ngati mumadzola asiyeni. Mtovu wa m'mabatire akale a galimoto umachepetsa mbewu ya abambo ndipo umawonjezera chiopsezo chopita padera. Chizolowezi chokolezera mbaula ndi majumbo, kapena chovindikira chakudya cha pamoto ndi pulasitiki, ndi bwino kuchileka. Yambaninso kumwa mavitamini otchedwa folic acid musanaime, osadikira sikelo. Za kupita padera kuja musadziimbe mlandu, mayi, chifukwa pathupi pambiri pochoka m'miyezi itatu yoyambirira pamachoka kaamba ka kusapangika bwino kwa mluza, osati kulakwa kwa mayi.

Ndemanga ya mayi wachikulire

Mwana wanga, ine ndakhala nkhoswe ya mabanja angapo, ndipo ndaona kuti mwamuna sakana chipatala, amakana dzina limene anthu angamupatse akamva. Usayambe ndi mawu akuti akayezetse, ndipo usayambe pamaso pa apongozi kapena alamu ako. Sankha usiku umene mwadya bwino, uwauze kuti ukuda nkhawa ndi malaya onyowa aja chifukwa ukufuna kukalamba nawo, kenako uwawerengere zimene alembazi adokotala, makamaka zakuti mphamvu ndi mbewu n'zosiyana. Uwalonjeze kuti zotsatira zidzakhala za anthu awiri, ndipo lonjezolo ulisunge ngakhale kwa mayi ako okubereka. Zikadzapezeka kuti chovuta chili kwa iwo, usadzabweze mawu amene abale awo anakunenera.

Wofunsa uja abweranso

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo usiku ndinachita monga ananenera amayiwa. Bambo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa kawiri ngati adokotala ananenadi kuti munthu wamphamvu akhoza kukhala ndi mbewu yochepa, ndipo ndinawapatsa foni kuti awerenge okha. M'mawa uno atulutsa mankhwala onse kuchipinda, ndipo avomera kuti tikagulitsa tomato ku Lizulu tigule magolovesi ndi kamphira kaja, kenako tipite kuchipatala limodzi, bola kwawo asadziwe. Funso limene latsala ndi lawo: kodi akayezetse panopa, kapena adikire miyezi itatu ija kuti thupi liyambe layera?

Wa zachipatala uja

Apite panopa. Zotsatira zoyamba zidzatisonyeza pamene tayambira, ndipo ngati sizili bwino adzayezedwanso pakatha miyezi itatu akudziteteza, chifukwa kuyeza kamodzi sikokwanira kugamulira munthu. Popita mutenge mabuku anu a kuchipatala nonse awiri, mulembe papepala mayina a mankhwala onse amene mumapopera ndi zaka zimene bambo akhala akupopera, ndipo mukauze dokotala ngati anadwalapo malungo kapena kutentha thupi kwambiri m'miyezi itatu yapitayi, popeza kutentha thupi nakonso kumatsitsa mbewu kwa kanthawi.